Aphunzitsi Athu Ali ku Qatar

M'chipinda china chopanikiza ku Al Mansoura, mumzinda wa Doha, munkagona amuna asanu ndi mmodzi pa mabedi osanjikiza, ndipo mmodzi mwa iwo ankamutchula kuti a Ticha. Dzina lake linali Nedson Kaliwo. Ntchito yake inali yaulonda pa nyumba ina yosanja ku The Pearl, koma m'thumba la yunifolomu yake simunkasowa cholembera chofiira, ngati kuti tsiku lina wina adzatulukira pa geti atasenza makope oti achongedwe.

Nedson anaphunzitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu pasukulu ina ya pulayimale kuseri kwa phiri m'boma la Ntcheu. Kalasi yake ya Sitandade 4 inali mthunzi wa mtengo wa mango, ana zana limodzi ndi makumi atatu atakhala pa zidutswa za njerwa. Mvula ikayamba, sukulu inkathera pomwepo. Nyumba imene anamupatsa ankagawana ndi mileme, ndipo dzinja lililonse mkazi wake Esnat ankandandalika mabeseni pansi kuti awakhe madzi a padenga. Malipiro ankafika mochedwa n'kutsanzika msanga. Zaka zonsezo anakhala pa giredi imene anayambira, pamene anyamata omwe iye anawagwira dzanja polemba a, e, i, o, u ankamupitirira pa njinga zamoto, kumuthira fumbi kwinaku akukuwa, "Mwaswera, aphunzitsi!" Amene amati uphunzitsi ndi ntchito yodalitsika sanayesepo kuthira madalitso m'mbale ya mwana wanjala.

Mwayi wa ku Doha utapezeka, kunali kutatsala zaka ziwiri kuti akwanitse makumi awiri, apume pantchito n'kulandira penshoni yake. Kontilakiti ya ulonda nayo inali ya zaka ziwiri. Nedson anaona ngati Mulungu mwini wamulembera samuyo pa bolodi. Sanalembe kalata yosiya ntchito, ngakhale yopempha tchuthi. Anangonong'onezana ndi a Bakali, mphunzitsi wamkulu, kuti dzina lake likhalebe m'kaundula, ndipo choko anasiyira mlamu wake Chawezi, bambo wa ana awiri amene satifiketi yake ya Fomu 4 inkangodyedwa ndi njenjete mu sutikesi. Malipiro a boma akabwera, Chawezi ndi Esnat ankagawana.

Wamkulu m'chipinda muja anali a Dauda, dalaivala wa ku Mangochi amene anatha zaka khumi ndi chimodzi m'misewu ya Doha. Iwo nkhaniyi sinawakomere.

"A Ticha, inu muli kuno kapena muli ku Ntcheu?" anafunsa tsiku lina Nedson akusita yunifolomu. "Ngati ndi kuno, lembani kalata mupange resign bwinobwino, khalas, nkhani ithe. Ngati ndi choko, bwererani mukagwire choko. Boma limachedwa kutembenuka, koma likaponda laponda."

"A Dauda, inu mumadziwa ma-roundabout, za boma tisiyireni ife," anayankha Nedson osadzutsa mutu. "Zaka eyitini ndakhala ndikudya fumbi la choko, ndiye penshoni yanga ndiitaye chifukwa cha two years? Anandidyera masuku pamutu mokwanira. Komanso kusukulu kuja galimoto ya boma inafikako komaliza ine ndili ndi tsitsi."

Anzawo anaseka. A Dauda sanaseke. Kunena chilungamo, mkwiyo wa Nedson unali ndi mutu wake, ndipo palibe m'chipindamo akanamutsutsa kuti sanazunzike. Chovuta n'chakuti munthu wolakwiridwa sachedwa kudziona ngati wochenjera.

Chodabwitsa, ntchito yomuzunzayo ankaisowa. M'mawa uliwonse ankatsegulira geti ana a eni nyumba akukwera basi yozizira, aliyense chikwama chake ndi botolo lake la madzi, ndipo mtima wake unkathamangira pansi pa mtengo wa mango uja. Choncho Lachisanu lililonse, tsiku lake lopuma, ankaimba foni ya kanema kwa Chawezi. Mlamuyo ankakwera pa chulu cha kuseri kwa sukulu pomwe netiweki inkagwira, ana atamuunjirira. Nedson ankawaonetsa nyumba zotalika ndi maboti oyera, kenako uphunzitsi unkamugwira.

"Ana inu, aphunzitsi anu ali kuti?"

"Ali ku Kataaa!"

"Likulu lake?"

"Dohaaa!"

"Dziombereni m'manja!"

A Dauda atamva phokosolo kuchokera pabedi pawo anapukusa mutu. "Chinsinsi cha anthu atatu chimandiopsa kale, a Ticha. Inu mwachigawira ana handiredi sate." Koma mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Mwezi wachisanu ndi chinayi Nedson ali ku Doha, a Bakali anatumiza uthenga wamawu, akunong'ona ngati ali m'nyumba ya maliro. Kumapeto kwa mwezi wotsatira kudzakhala kalembera wa aphunzitsi. Aliyense adzaonekere yekha, chiphaso ndi satifiketi m'manja, adzadinde chala. Wosaoneka adzafufutidwa.

Nedson anaganiza zopita kukaonekera yekha. M'mawa mwake anapita ku ofesi ya kampani kukapempha livi ya masabata awiri. Bwana wa alonda, amene onse ankangomuti mudir, sanachotse n'komwe maso pa kompyuta. Chaka sichinathe, livi palibe. Nedson anatchula matenda a kumudzi, anatchula mayi ake okalamba, koma yankho linali limodzi: "Mafi," kutanthauza kuti palibe.

Madzulo ake anayala nzeru yatsopano pamaso pa a Dauda. "Ndipanga resign kuno. Notice ndi one month, ndiye ndikafika kumudzi kutatsala masiku anayi. Ndikadinda chala, Chawezi apitiriza, ine ndibwereranso kuno ndi agent wina. Mafi mushkila, palibe vuto."

"Ndiye kuti mpaka pano simunasankhebe," anatero a Dauda. "Tamverani, achimwene. Agent wina ndi ndalama zina, medical ina, kudikira kwina, mwina chaka. Ana anu adya chiyani? Ntchito ili m'manja ndi iyi. Musasaine."

"Zaka eyitini, a Dauda! Inu simungamvetse."

Anasaina, ndipo anasainira cholembera chofiira chomwe chija.

Patapita masabata awiri, Lachiwiri masana dzuwa likuswa mtengo, foni yake inanjenjemera m'thumba ali pa nthawi yopuma. Anali Esnat, ndipo moni sanapereke.

"Bambo a Yami, galimoto ija yabwera."

"Galimoto iti? Kalembera ndi kumapeto kwa mwezi!"

"Akuti akuyamba ayendera masukulu akutali, kuona mayina. Kunabwera mayi wina wa magalasi. Anapeza achimwene ali pa bolodi. A Bakali anati inu mwadwala, muli kuchipatala, awa akungogwirizira sabata ino. Mayiyo sanatsutse. Anangotembenukira kwa ana n'kufunsa kuti, 'Ana inu, aphunzitsi anu a Kaliwo ali kuti?'"

Nedson anatseka maso. Yankho analimva Esnat asanalinene, mawu zana limodzi ndi makumi atatu okwera pamodzi ngati kwaya.

"Mpaka likulu anatchula osafunsidwa," anapitiriza Esnat. "Kenako anadziombera m'manja. Dzina lanu alifufuta, akuti munathawa ntchito. A Bakali awaimitsa, ndipo akazi awo sakundiyankha moni. Nyumba ya mileme ija atiuza kuti tituluke mwezi usanathe. Ndinkaitukwana nyumba imene ija, bambo a Yami, koma lero ndikuilirira. Tipita kuti ndi anawa?"

Nedson sanadikire basi ya kampani. Anakwera takisi mpaka ku ofesi, n'kukaima pamaso pa mudir chipewa chili m'manja, monga ankaimira makolo a ana olephera pamaso pake. Anapempha kuti kalata ija aibweze. Anati analemba mutu usakuyenda, anati agwira ngakhale pa geti ya kunja, ya padzuwa, imene aliyense ankaithawa. Mudir anakoka kabati n'kutulutsa kalatayo, siginecha yofiira ili ngwee pansi pake.

"Khalas, my friend. Wolowa m'malo mwako anafika dzana, akuphunzira kale ntchito. Tikiti yako ndi iyi."

Masiku otsalawo Nedson anawathera pa geti akuphunzitsa mlonda watsopanoyo mabatani ndi makiyi. Anamuphunzitsa bwino, pakuti china chimene ankadziwa padziko panalibe.

Tsiku lonyamuka anabweza yunifolomu, nsapato ndi chipewa. Sutikesi yake inali yopepuka kuposa mmene inabwerera. A Dauda anamuperekeza ku bwalo la ndege, ndipo njira yonse sananene kuti ndinakuuzani, chinthu chimene chinamupweteka Nedson kuposa chitonzo. Atafika, Nedson anatulutsa cholembera chofiira chija n'kuchiika pampando wa galimoto.

"Chitengeni, a Dauda. Ine ndilibenso choti ndichonge." Anaseka kuseka kowawa. "Mukudziwa? Zaka eyitini ndalimbana ndi ana aja. Ma-fraction ankalephera, chingerezi ankalephera. Phunziro limene anakhoza onse, handiredi sate, popanda wolakwa ndi mmodzi yemwe, ndi limeneli."

A Dauda anangomugwira paphewa. "Yalla, pitani, a Ticha. Mulungu akutsogolereni."

Nedson analowa pa khomo la magalasi la bwalo la ndege ali wopanda choko, wopanda geti, wopanda penshoni, akupita kwa mkazi amene ankamanga katundu osadziwa kokamutula. Dziko limene limasiya mphunzitsi pansi pa mtengo zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu lili ndi mlandu wake, ndipo mlanduwo sudzaola. Koma mvula ikamagwa sifunsa kuti anakulakwira ndani. Imangoona amene waima pamtetete, mwendo wina kuloza ku Ntcheu, wina ku Doha. Akale anaziona kale izi pamene ankati mapanga awiri avumbwitsa.