Ng'ombe Imene Inasowa Mwala Wonyambita

Panali munthu wina kumapiri a tiyi amene ankaweta ng'ombe imodzi yamkaka. Mkaka wake ndiwo unkadyetsa banja lonse.

Mvula yoyamba itagwa, iye anathira feteleza wambiri m'munda wa nsenjere, ndipo udzu unaphuka wanthete, uli biriwiri. Nthawi yomweyo mwala wamchere umene ng'ombe inkanyambita unatha. Sanagulenso wina. "Ndi udzu wotere, kamwala n'kachiyani?" anatero.

Patapita masabata atatu, m'mawa wina, ng'ombe inayamba kunjenjemera. Mkazi wa munthuyo atagwetsa chidebe chokamiramo mkaka, ng'ombeyo inadzidzimuka n'kugwa, miyendo ikupalasa. Anansi sanachedwe, mukuwadziwa anansi kukamveka za nyama. Anafika ndi mpeni ndi mabeseni.

"Achimwene, ichekeni isanafe yokha," anatero mmodzi. "Nyama ingawonongeke."

Munthuyo analandira mpeni, mantha ndi chisoni zitamugwira. Anayang'ana ng'ombe yake kwa kanthawi. Kenaka anaponya mpeniwo padenga la khola, n'kupalasa njinga kukaitana mlangizi wa ziweto.

Mlangiziyo, mayi wosachulutsa mawu, anabaya ng'ombe jakisoni pakhosi, mankhwala akulowa pang'onopang'ono. Podikira anati: "Bambo, m'mitsempha yonyamula mauthenga m'thupi muli timakomo tolandirira uthenga. Pamakomopo pamakhala kamchere kotchedwa magineziyamu, kotsekereza kuti uthenga usamangolowa chisawawa. Udzu wanthete uli nako kochepa, n'chifukwa chake timakaika m'mwala uja. Kakasowa, makomo amangokhala pululu, ndiye ngakhale phokoso la chidebe limagwedeza thupi lonse."

Dzuwa lisanafike pamutu, ng'ombe inadzuka n'kuyamba kubzikula. Munthuyo anangokhala pansi, m'ndowe momwemo, akuseka misozi ikutsika. Mtima wake unakhala m'malo. Anansi anamuyamikira ndithu, ngakhale ena ankayang'ana mabeseni awo mwachisoni.

Inu amene mukundimvera, mumatama zazikulu: munda wobiriwira, khola lamalata. Koma m'nyumba mwanu muli kanthu kakang'ono kamene kamaletsa kuti mawu alionse asamakulowereni mumtima n'kukugwetsani. Mwina ndi kupuma, mwina ndi moni wa m'mawa kwa amene mumakhala naye. Kakatha, musanene kuti n'kachiyani. Kabwezereni lero, anansi asanafike ndi mabeseni.