Kabango ndi Nyimbo Yotsanzikira Mkwatibwi

Mwambi uliwonse uli ndi kwawo, ana inu, ndipo uwu kwawo ndi kwa Kadammanja, kamudzi ka m'tsinde mwa phiri.

M'mudzimo munali mnyamata dzina lake Kabango. Tisanamizane, Kabango sanali wooneka bwino. Nthomba inamusiyira zipsera nkhope yonse, ndipo mano ake awiri akutsogolo ankakana kukhala m'kamwa. Koma pa khasu anali katakwe, mtima wake unali wabwino, ndipo anthu akamamuseka iye ankaseka nawo.

Kabangoyu anakonda mtsikana wina dzina lake Mwandida, ndipo anatuma amalume ake kukafunsira mbeta. Yankho linabwera lalifupi: "Ndiganize kaye." Mvula inayamba, chimanga chinamera, Mwandida akuganizabe. Kenaka kunamveka mphekesera yoti mnyamata wina wa kutsidya, wosalala khungu, nayenso akumufuna. Kabango zinamuwawa kwambiri, pakuti iye ankamukondadi Mwandida.

Tsono kwa Kadammanja kunali nyimbo yoperekezera mkwatibwi ku nyumba yake yatsopano. Pakati pa nyimboyo amayi onse ankakhala chete, mwamuna mmodzi n'kukweza mawu pamwamba penipeni, kutsanzika mwanayo m'malo mwa makolo ake. Amene ankafika pamenepo anali a Chagwa okha, bambo ake a Mwandida. Chimwalirire iwo, anthu akafika pamalopo ankangoomba m'manja kuti pasaoneke pobooka.

Tsiku lina Kabango akudutsa kudimba anamva Mwandida akudandaulira mnzake. "Mng'ono wanga akwatiwa tikakolola," anatero. "Ana a eni onse bambo anawaimbira. Wawo yekha apita wopanda womutsanzika."

Kabango anatsimikiza mtima kuti malo amenewo awaimba ndi iye. Vuto linali limodzi: mawu ake anali aakulu, okhuthala ngati a ng'ombe yamphongo. Anayamba kukwera pa chulu cha kumunda n'kumakuwa ndi mphamvu zake zonse, khosi lili tasa, mitsempha ili panja. Mnzake wina anamuuza kuti atenthe nyenje, phulusa lake azinyambita ndi mchere. Ananyambita ndithu. Posakhalitsa mawu anasasa, moti ngakhale nkhuku sankatha kuingitsa.

Amene anamupeza ali choncho anali msuweni wake Nasiwa, mayi wodziwika pa nyimbo za pamtondo. Paja asuweni sasungirana ulemu.

"Amuna anga, mwameza chule kodi?" anafunsa Nasiwa.

Kabango anamufotokozera zonse monong'ona. Nasiwa anaseka mpaka kukhala pansi.

"Nyenje yalakwanji? Mawu si mbuzi yoti muikoke ndi chingwe kukwera phiri. Khalani chete kaye mpaka pakhosipo papole, muzimwa madzi ofunda. Mukachira mubwere, ndikuonetseni."

Atachira, Nasiwa anamugoneka chagada pamphasa n'kumuika dzungu pamimba. "Pumani kuti dzungulo likwere. Mpweya wa woimba umakhala m'mimba, osati m'mapewa." Kenaka anamuuza kuti m'mawa uliwonse popita kumunda aziyamba ndi kuimba chotseka pakamwa mpaka mphuno imve kunyerenyetsa. Akatero azinjenjemeretsa milomo ngati mwana wosewera ndi malovu, kuyambira pansi kukwera pang'onopang'ono, n'kutsikanso.

"Ndipo musanakweze mawu, muziyamba ngati mukufuna kuyasamula," anawonjezera. "Khosi litseguke lokha. Pakangoyamba kuyabwa, lekani. Mawa kulinso tsiku."

Anthu a m'mudzimo anapeza choseketsa chatsopano. Munthu wamkulu, khasu paphewa, akuyenda akuliza milomo! Ena anati Mwandida wamuzunguza mutu, ndipo sananame kwenikweni. Kabango sanawasamale. Ankapalira akuimba motsitsa, ndipo anayamba kuikonda ntchito yakeyo, mwina kuiwala ndi chimene anaiyambira.

Chimanga chikumasula, tsiku lina pokweza mawu panatuluka timawu tina tating'ono, toonda, tonga ta mwana. Kabango anachita manyazi, nathamangira kwa Nasiwa.

"Akazi anga, ndawononganso. Kwatuluka mawu achilendo."

"Tabwerezani," anatero Nasiwa. Atamva, anasiya munsi umene ankasinjira. "Amenewo ndiwo! Musawachitire manyazi, alereni. Musawakakamize kukula, akula okha."

Anawaleradi. Lero kukwera pang'ono, mawa kubwerera, mkuja kukweranso. Masiku ena mawu ankathyoka pakati, iye n'kuseka yekha m'munda. Pofika nthawi yokolola, timawu tija tinali titanenepa, tikumveka mpaka kutsidya kwa dambo. Koma nyimbo yeniyeniyo ankaiimbira kuseri kwa phiri, kuopa kuti ingamveke nthawi isanakwane.

Tsiku la ukwati linafika. Dzuwa litapendeka, amayi anamutulutsa mkwatibwi, Mwandida atamugwira dzanja, ndipo nyimbo inayamba. Mnyamata wa kutsidya uja analipo, ataima poonekera, nsalu yake yatsopano ili mbee. Kabango anaima kumbuyo, pafupi ndi nkhokwe. Ankadziwa kuti mawu akathyoka pano, adzasekedwa mpaka imvi, ndipo Mwandida adzati wanyoza malemu bambo ake.

Nyimbo inafika pamalo paja. Amayi anakhala chete, manja atakonzeka kuomba. Kabango anadzaza mpweya m'mimba, natsegula khosi ngati akuyasamula, n'kuwamasula mawu.

Poyamba mawuwo ananjenjemera pang'ono. Kenaka anaima nji, nakwera, nakwerabe mpaka pamene a Chagwa ankafika. Manja a amayi anangotsala m'malere. Mkwatibwi anagwira kukamwa, misozi ili chuchuchu. Nthungululu itasweka, ndi agalu omwe anadzidzimuka.

"Ndani ameneyo?" anafunsa Mwandida, akupukuta m'maso.

"Ndi Kabango," anthu anayankha, akupatuka kuti amuone.

Mwandida anamufikitsa mng'ono wake pakhomo, kenaka anatunga thobwa m'chikho, nadutsa pakati pa anthu onse, kudutsanso wa nsalu yatsopano uja, nakagwada pamaso pa Kabango.

"Nyowetsani kukhosi," anatero. "Ndipo mukawauze amalume anu kuti ndatha kuganiza."

Kabango anasangalala mpaka thobwa kumutayikira pachifuwa. Nasiwa anadziponya pansi monamizira kulira. "Mayo ine, andilanda mwamuna! Ndadziphunzitsira ndekha tsoka! Anthu inu, ukaipa dziwa nyimbo!" Bwalo lonse linafa ndi phwete, ndipo woseka kwambiri anali Kabango mwini wake.

Mawu a Nasiwa aja sanathere pabwalopo. Mpaka lero akulu amati, "Ukaipa dziwa nyimbo." Sakunena za nkhope yokha ayi, ndipo sakunena za nyimbo yokha. Akutanthauza kuti ngati pali china chimene unamanidwa, usakhale pansi n'kumalira. Funa chimene ungathe kuphunzira, uchilimbikire modekha mpaka uchidziwe bwino, pakuti anthu amam'konda munthu chifukwa cha chimene amawachitira. Nkhope sitisankha, ana inu, koma luso munthu amadzipezera yekha.