Mayi Amene Anabweza Dothi Kumtunda

Panali mayi wina kumunsi kwa mtsinje, dzina lake Nangondo. Anali ndi dimba la mpiru, tomato ndi chimanga, ndipo ana ake onse anakulira dimba limenelo. Mchimwene wake wa bere limodzi ankakhala kumtunda, m'tsinde mwa phiri momwe mtsinjewo unkayambira. Awiriwa ankakondana kwambiri. Nangondo akathyola ndiwo, ankatumizako kumtunda. Mchimwene wake akafula uchi, botolo loyamba linkatsikira kumunsi.

Chaka china anthu akumtunda anakuza minda. Anagwetsa mitengo ya m'phiri, n'kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Mchimwene uja nayenso anatero, pakuti banja linali litakula ndipo munda wakale sunkakwanira.

Mvula itagwa, mtsinje unatsika uli wofiira. Unakwirira madimba akumunsi ndi matope ofika m'mawondo. Pofika mwezi wa Ogasiti mtsinje womwewo unaphwa, ndipo amayi anayamba kufukula mchenga kuti apeze madzi akumwa.

Midzi yakumunsi inaitanitsa msonkhano. Anasankha komiti, anagwirizana zobzala mitengo m'mbali mwa madimba awo, ndipo ena anati akasumire anthu akumtunda. Wakumtunda sanaitanidwe ndi mmodzi yemwe. Nangondo anamvetsera zonse. Mtima unkamuwawa, chifukwa mmodzi wa anthu onenedwawo ndi amene ankamubereka kumbuyo ali mwana.

M'mawa mwake anadzaza dengu ndi dothi lomwe linakwirira mpiru wake, n'kusenza, n'kuyamba kukwera. Unali ulendo wa theka la tsiku. Anapeza mchimwene wake ali m'munda, akuyang'ana chigwembe chomwe chinang'amba mizere yake pakati. Mwamunayo anathamanga kudzamutula, poganiza kuti ndi ndiwo. Atasuzumira m'dengu, anadabwa.

"Achemwali, nanga ichi n'chiyani?"

"Ndi katundu wanu, achimwene. Anasochera n'kudzafika kwathu. Ndati ndikubwezereniko pang'ono, poti wotsalayo sindingathe kusenza ndekha."

Mwamunayo anatapa dothilo, n'kulifikisa m'manja. Analizindikira. Linali dothi lapamwamba la munda wake, lomwe bambo awo analithira manyowa zaka zambirimbiri. Anayang'ana mapesi ake owondawo, ndi miyala yomwe inali itayamba kuonekera m'mizere. Anakhala pansi.

"Ine ndimati munda wandikana chaka chino," iye anatero. "Kani unatsika kukakupherani dimba."

"Tonse awiri tili ndi njala chifukwa cha dothi lomweli," anayankha Nangondo. "Inu chifukwa lachoka, ine chifukwa labwera."

Sabata yotsatira mchimwene uja anatsika ndi anansi ake, ndipo msonkhano unachitikanso. Ulendo uno sunali msonkhano wokhala pansi. Anthu a midzi yonse anatsata mtsinje ndi miyendo, kuyambira pakasupe mpaka kumadimba, ndipo paliponse pomwe aima ankafunsana. Amayi anasonyeza potunga madzi. Oweta ng'ombe anasonyeza pomwetsa. Akumtunda anasonyeza minda yomwe sakanaisiya popanda kufa ndi njala. Anakangana ndithu, makamaka pa nkhani ya nkhuni, mpaka ena anafuna kubwerera panjira. Komabe anamvana kuti nkhalango ya pakasupe isakhudzidwenso, m'mbali mwa mtsinje mubzalidwe nsungwi ndi mikuyu, ndipo minda yotsetsereka ikhale ndi akalozera a udzu wa vetiva oletsa madzi kuthamanga. Akumunsi analonjeza kukwera kukathandiza kukumba, komanso kugawirako akumtunda malo m'madimba nthawi yachilimwe.

Mtsinje sunachire msanga. Panapita zaka zisanu kuti madzi ayambe kufika mwezi wa Okutobala. Koma anafika, ndipo anali oyera.

Nkhani yanga yathera pamenepa. Abale anga okondedwa, lero mwabwera kumsonkhano uno wokambirana za mtsinje wathu, aliyense ndi pepala la mfundo za mudzi wake, lolembedwa bwino, ndipo ndikuyamikani. Koma madzi sadziwa malire a midzi. Musanamange mfundo iliyonse, yang'anani pamphasa pano muone amene palibe. Ngati ali wakumtunda, musayambe n'kumusumira. Kwerani nokha, mukamuitane monga m'bale wanu.