Dziwe la Namapu ndi Madzi a ku Magalaja

Kalata idafika Lolemba m'mawa ku ofesi ya ngalande za mzinda, kachipinda ka pansi pa masitepe momwe fani idasiya kalekale kuzungulira. Idachokera ku bungwe loona zachilengedwe ndipo siidabise mawu. Madzi a mvula ochoka m'misewu ankalowa mumtsinje atasenza oyilo, matope ndi zonyansa kupyola muyeso wololedwa. Dzinja likubweralo bungwelo lidzayeza madzi katatu pa mlatho. Mzinda ukadzalephera kawiri, malo opopera madzi akumwa, omwe adali kunsi pang'ono kwa mlathowo, adzatsekedwa.

Onse m'chipindamo adagwira njakata, kupatula injiniya wamkazi amene anzake ankamutcha Namapu chifukwa sankayenda opanda mpukutu wa mapu m'khwapa. Iyeyo adawerenga kalatayo maso akuwala ngati mwana amene wauzidwa za ulendo. Zaka zisanu adakhala akulemba malipoti a ngalande zotsekeka, mutu wake ukuchita dzimbiri. Tsopano ntchito yeniyeni idamugogodera.

"Anthu inu, nkhope zagweranji?" adatero akumenya tebulo. "Mwayi ndi umenewu! Ndipatseni masabata atatu basi."

Pa sabata yachitatu adayala pulani yake patebulo, kapu ya tiyi itapsinja ngodya iliyonse. Idali yokongola ndithu. Ngalande zonse za mzinda zizikumana mu ngalande imodzi yaikulu ya simenti, imeneyo izithira m'dziwe lalikulu kunja kwa mzinda. Pakamwa pa dziwelo pakhale sefa zachitsulo zokola zinyalala, pakati madzi azidekha matope nkukhala pansi, kumathero kukhale bango loyamwa zotsala. Namapu ankafotokoza mawu akuphana pakamwa, manja ali m'mwamba, mpaka mlembi wa mu ofesimo adaombera m'manja yekha.

Kumbuyo kudaima kapitawo wa gulu lotapa ngalande, bambo amene mzinda wonse unkawadziwa kuti a Jombo. Adali malume ake enieni a Namapu, mlongo wawo wa mayi ake, ndipo adatha zaka makumi atatu ali m'ngalande mpaka m'maondo. Adasendera, nkuika chala chawo chokhakhala pa mapupo.

"Bwana," adatero, pakuti ku ntchito ankamutcha choncho ngakhale adamunyamulapo ali khanda, "pulaniyi njokoma. Koma pa ngodya iyi madzi a ku magalaja sakhota. Amapita molunjika, kudzera kuseri kwa depoti ya mabasi."

"Kumeneko kulibe ngalande, amalume. Taonani mapuwa."

"Pa mapu palibe, koma pansi lilipo khwawa. Adalikwirira ndi zidutswa za njerwa pomanga depoti, inu musanayambe sukulu. Tiyeni tsiku limodzi ndikakuonetseni."

"Timangapo khoma, madziwo akhota okha. Kompyuta yawerengetsa mvula ya zaka makumi awiri."

"Kodi kompyutayo idanyowapo?"

Chipinda chonse chidafa nacho chikhakhali, ndipo kusekako ndi kumene kudaononga zinthu. Namapu adachita manyazi. Akadakhala awiriwiri mwina akadamvera, koma pamaso pa anzake sadafune kuoneka mwana wongotumidwa mchere. Adapinda mapu ake mwachangu.

"Ndilibe nthawi yoponda matope, a kapitawo. Khoma limangidwa."

A Jombo adavula chipewa, nkuchivalanso. "Chabwino, bwana."

Ntchito idayenda ngati moto wa m'chilimwe. Mathirakitala adakumba, amisiri adathira simenti, khoma la pa ngodya lidaima chilili, lopakidwa laimu. Namapu ankadzuka mbalame zisanalire, nkumazungulira paliponse chisoti chili pamutu, akuitana aliyense ndi dzina. Tsiku lotsegulira dziwe a meya adadula riboni, nkunena pa chimkuzamawu kuti mzinda uli ndi mwana wamkazi woposa amuna khumi. Mayi ake a Namapu adalulutira mpaka mawu kusasa. Kuyambira tsikulo Namapu ankangoyang'ana kumwamba, kudikira mitambo ngati mlimi amene wabzala kale.

Mvula idabwera Lachinayi masana. Kudada bii, mphepo idauluza mapepala, kenaka mvula idangoti khuthu! Namapu adalumphira m'galimoto ya ofesi pamodzi ndi anzake atatu, ulendo wa ku dziwe. Adapeza madzi ofiira akulowa mkokomo uli wuu, sefa zikukola mabotolo ndi mapepala apulasitiki, ndipo kumathero, kuseri kwa bango, madzi ankatuluka oyera moti munthu nkuona miyala pansi.

"Taonani! Taonani, anthuni!" adakuwa Namapu. Adatunga madziwo m'botolo, nkulikweza m'mwamba, nkuyamba kuvina pamvula pomwepo, tsitsi lili nyowe. Dalaivala adaliza hutala, anzake akukumbatirana.

Foni idalira m'thumba. Adali mayi woyeza madzi wa ku bungwe lija.

"Mayi injiniya, ndili pa mlatho. Bwerani mudzaone nokha."

Pa mlatho chimwemwe chidatheratu. Mtsinje udali wakuda, pamwamba pake pakuyandama utawaleza wa oyilo, ndipo fungo lake linkabaya m'mphuno. Namapu adayang'ana botolo lake loyera, nkuyang'ana mtsinje, kukamwa kuli yasa. Adatsatira gombe chokwera, nsapato zikutsalira m'matope, mpaka adafika pomwe chimadzi chakuda chinkagwera mumtsinje, kunsi kwa dziwe lake. Adachitsatira chimadzicho kudutsa kuseri kwa depoti, komwe chidafukula njerwa zonse zokwiriridwa zija, mpaka pa ngodya. Khoma lidali gone pansi. Madzi a ku magalaja ndi a kumsika ankalidumpha molunjika osacheuka nkomwe ngalande yatsopano ija.

A Jombo ndi gulu lawo adali kale pomwepo, chingwe m'chiuno, akuvuula mabenchi ndi madengu a amayi ogulitsa zipatso kuseri kwa depoti. Mayi wina adakhala pamwala manja ali kunkhongo, katundu wake yense atapita. Malumewo adamuona mwana wa mlongo wawo, koma adangopitiriza kuvuula madengu. Zimenezo zidamupweteka Namapu kuposa mbama.

Zotsatira zidatuluka Lolemba: oyilo adaposa muyeso kuchulukitsa katatu. Kungolepheranso kamodzi, malo opopera madzi aja adzatsekedwa. A meya, amene adamutamanda dzana lomweli, tsopano ankayankhula naye akuyang'ana pawindo.

Loweruka m'mawa Namapu adafika pakhomo pa malume ake. Adawapeza pakhonde akumata jombo yobooka. Adakhala pansi, pa simenti, mapu atawasiya m'galimoto.

"Amalume, ndabwera ndi manyazi anga."

"Manyaziwo asiye pageti, mwana wa mlongo wanga, satapa ngalande," adatero osakweza mutu. "Phazi lako ndi nambala chani?"

Adalowa m'nyumba nkutuluka ndi jombo za akazi awo.

Mvula yotsatira idali yowaza chabe, ndipo idawapeza awiriwo ali pamwamba pa msewu wa magalaja. Namapu adabweretsa utoto wobiriwira wosaononga madzi. Adauthira m'kangalande, ndipo mzere wobiriwira udanyamuka ngati njoka yodzidzimutsidwa.

"Uko! Walowa pansi pa kontena!" adakuwa a Jombo, akuthamanga ngati si munthu wa imvi.

"Watulukira uku, amalume! Uku!"

Amakaniko adataya masipanala nkulowa nawo mpikisanowo. Amayi a zipatso adaiwala mkwiyo, nawonso nkumaloza. Msewu wonse udasanduka bwalo la mpira: uyu akukuwa, uyo waterereka, wina akuseka mpaka kugwira m'mimba. Namapu adagwa chagada m'thope, nkudzuka akuseka, nkujambula njirayo papepala lonyowa ataliika pabondo. Pofika madzulo adali atapeza njira zisanu ndi ziwiri zomwe mapu a ku ofesi sankazidziwa, ndipo zonse zinkathera m'khwawa lija.

"Komwe madziwa amadzera ndikudziwa ndine," adatero a Jombo akupuma wefuwefu, "koma kuchuluka kwake, ndi chochita nawo, mutu ndi wako. Tiuze."

Apa mpomwe sukulu ya Namapu idagwira ntchito yake. Sadamangenso khoma. Adalitsegula khwawalo, nkuliyala miyala, nkulidula masitepe atatu kuti madzi azitsika modekha, matope nkumatsalira. Pa sitepe iliyonse adabzalapo bango lozula ku dziwe lija. Pakamwa pa msewu wa magalaja adamangapo dzenje la zipinda ziwiri lotchera oyilo, ndipo galaja iliyonse idalandira mgolo wothiramo oyilo wakutha. Kumsika adaika sefa m'ngalande zonse. Amayi a zipatso adawapezera malo okwera, ndipo adapita yekha kukawapepesa mmodzimmodzi. Mkulu wa amakaniko, bambo wa chimimba amene poyamba ankati migoloyo njotayitsa nthawi, ndi amene adasanduka wapolisi wake, kumakalipira aliyense wodontheza oyilo pansi.

Kuyeza kwachiwiri kudachitika ntchito isanathe bwino. Namapu adaima pa mlatho akuona botolo la mayi woyeza uja likutsika pa chingwe. Zotsatira zidatuluka patatha masiku atatu. Mzinda udapulumukira pakabowo ka singano: muyeso udatsala pang'onong'ono kupyoledwa, koma sudapyoledwe.

Kachitatu, kumapeto kwa dzinja, bango litakula, mayi woyeza madzi adabwera yekha ku kachipinda ka pansi pa masitepe, pepala lili m'manja. Adapeza mwadzaza: a meya, gulu lonse la otapa ngalande, amakaniko ndi maovololo awo. Adawerenga pang'onopang'ono, dala. Matope, theka la muyeso. Zonyansa, pansi pa muyeso. Oyilo, wosaoneka nkomwe.

Mfuu yake idamveka mpaka kumsewu. Amakaniko adawanyamula a kapitawo aja m'mwamba, iwo akukuwa kuti awatsitse msana ungathyoke. Namapu ankaseka ndi kulira nthawi imodzi, osadziwa kuti ayambe wakumbatira yani.

Phokoso litatsika, a meya adamukokera pambali. "Mayi, mawa ndikayankhula ku khonsolo. Tandiuzani mwachidule, poyamba paja chidatigwetsa nchiyani?"

"Ndidagwetsa ndine, bwana," adayankha Namapu akupukuta m'maso. "Ndidafuna kuwalamula madzi njira ndili pampando, pomwe munthu wodziwa komwe amadzera adaima kumbuyo kwanga. Mukanene choncho, musachotsepo kanthu."

A meya adakanena zomwezo, ndipo mipopi ya mzindawo siidaume ngakhale tsiku limodzi. Munthu ukhoza kukwirira chigwa ndi njerwa, kuchifufuta pa mapu, nkumangapo khoma lopaka laimu, koma chinthu chikazolowera njira yake chimaibwerera tsiku la mvula. Wanzeru amayamba wafunsa komwe chimadzera, nkukachikonzera komweko, pakuti akuluakulu sadaname: madzi saiwala khwawa.