Ng'ombe za Nagama Kupolisi

Inu ana mumathamangira kuti chilichonse chithe lero lomwe, khalani pansi ndikuuzeni za Nagama, mayi wamasiye wa kwathu kuno, amene pakamwa pake panatuluka mawu oti mlandu suola.

Nagama anali ndi ng'ombe zitatu zimene mwamuna wake anamusiyira: ziwiri zokoka ngolo, ndi yaikazi ya bere. Tsiku lina anadzuka n'kupeza khola lili pululu. Patapita mwezi, ng'ombezo zinaoneka kutsidya kwa mtsinje, m'khola la bambo wina dzina lake Kamtedza. Bamboyo anatulutsa kalata yosonyeza kuti anazigula pamsika kwa munthu wachilendo. Apolisi anangozitenga zonse n'kukazimangirira kuseri kwa ofesi yawo, podikira kuti khoti lipeze mwini wake.

Tsono kupolisi kuli msipu? Ayi ndithu. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo apolisi ntchito yawo si yoweta. Sabata zitatu zisanathe, ng'ombe imodzi yangolo inagwa osadzukanso.

Nkhani yoti zotsalazo asunge ndani inapita kukhoti. Kamtedza anati, "Ndinagula ndi ndalama zanga za fodya. Mayiwa akazitenga sindidzazionanso." Mlongo wake wa Nagama naye anaimirira mokalipa: "Tipereke ng'ombe kwa wogula zakuba? Zosatheka!"

Woweruza anawayang'ana onse awiri n'kunena kuti, "Mlandu weniweni ndidzaumva apolisi akamaliza kufufuza. Ngati simugwirizana za wosunga, zikhalabe komweko."

M'mawa wa tsiku limenelo Nagama anali atadzera kupolisi. Anaona yaikazi ija nthiti zili mbee, ikunyambita dothi. Mtima unamuwawa kwambiri mayiyu, moti m'khotimo anaimirira n'kuyankhula.

"Bwana, apatseni a Kamtedza asunge. Kwawo kuli dambo."

"Achemwali, mwapenga kodi?" anafuula mlongo wake. "Anthu aziti mwavomera kuti ndi zawo!"

"Sindinavomere, achimwene. Ng'ombe ndi zanga, ndipo ndidzanena zomwezo chaka chamawa ngakhale mtondo. Mlandu suola. Koma ng'ombe ija inafa ija, kodi sinaole?"

Woweruza analamula kuti Kamtedza asunge, koma asagulitse kapena kupha ngakhale imodzi.

Kumudzi anamuseka Nagama, ee, anamuseka zedi. Chimanga chaka chimenecho anatuta pamutu, ngolo ili gone pakhonde. Mlandu unkangoimitsidwa, lero mboni palibe, mawa wapolisi wofufuza wasamutsidwa. Nagama ankapita ndithu tsiku lililonse loitanidwa, wapansi, osaphonya.

Zitatha zaka ziwiri, munthu wachilendo uja anagwidwa akugulitsa ng'ombe zina ndi kalata yabodza, ndipo anaulula zonse, za Nagama zomwe. Khoti linagamula kuti ng'ombe zibwerere kwa mwini wake.

Kamtedza anazikusa yekha mpaka pakhomo pa Nagama. Sizinali ziwiri ayi, zinali zinayi, zonenepa bwino, chifukwa yaikazi ija inali itabereka kawiri.

"Mayi, landirani zanu," anatero bamboyo. "Tsiku lija kukhoti munandichititsa manyazi. Ndinazisamala kuposa zanga zomwe."

Nagama analira poyera, osabisa. Atapukuta misozi anasankha kamwana kamodzi n'kumupatsa, nati, "Nanunso anakuberani, bambo. Kayambireni apa."

Ndiye mukamva akulu akuti mlandu suola, akunena kuti cholakwa sichifafanizika chifukwa choti papita nthawi. Wolakwa asasangalale kuti anthu aiwala, tsiku lake likubwera. Nayenso wolakwiridwa asawononge zinthu chifukwa cha phuma, poopa kuti chilungamo chimuthawa. Nagama akanaumirira tsiku lija, mlandu akanawina ndithu, koma kupolisi akanakatenga zikopa.