Atatu Amene Anawerenga za Imfa ya Delifa

Kalekale, m'masiku amene basi inkafika pa Mwalawanjiwa kamodzi kokha pa tsiku, panachitika zoopsa zimene anthu a pamenepo sanaziiwale. Mwalawanjiwa kanali katauni kakang'ono: magolosale asanu, chigayo chimodzi, sukulu ya pulayimale ndi msika wa Lachisanu. Tsiku lina Lachitatu, m'mwezi wa Febuluwale, mayi wina wamasiye wogulitsa ndiwo zamasamba, dzina lake Delifa Nkhwazi, anapezeka ataphedwa kumunda kwake dzuwa likuswa mtengo. Amene anamupeza ndi mwana wake wamkazi, Edina, wa zaka khumi ndi zinayi. Pambali pa mtembo panali chikwanje.

Chikwanjecho chinali cha Lekiteni Malunga, wokonza njinga pamsika. Munda wake unachita malire ndi wa Delifa, ndipo aliyense ankadziwa kuti awiriwa anakanganapo za malirewo. Kukhoti kunaimirira mboni imodzi yamphamvu, bambo Sikelo Gondoloza, mwini chigayo. Iwo analumbira kuti atangotsika basi ya masana kuchokera ku boma, anaona Lekiteni akutuluka m'munda wa Delifa ali paliwiro. Lekiteni anakana mpaka mawu anasasa, koma woweruza anamulamula kukakhala kundende moyo wake wonse.

Patapita zaka khumi ndi chimodzi, kunabwera mtolankhani wa ku Blantyre, Jenala Msosa, atanyamula kachipangizo kojambulira mawu. Anakhala masabata atatu akufunsa aliyense wofuna kuyankhula, kenako anabwerera nakalemba buku. M'bukumo wakupha anali Lekiteni, monga khoti linanenera. Anthu a m'mizinda, amene sanapondepo pa Mwalawanjiwa, analigula mwaunyinji, nkumakambirana za Delifa m'maminibasi ngati ankamudziwa. Pakatauni penipenipo panafika mabuku asanu ndi awiri okha, ndipo anthu anabwerekana mpaka zikuto zinathothoka. Ena anakondwa kuona mayina awo atasindikizidwa. Ena anakwiya poti mlembi anati kwawoko n'kwafumbi komanso kwamiseche. Ambiri anawerenga, anapukusa mitu, napitiriza ntchito zawo. Koma atatu anawerenga nalephera kukhala pansi.

Woyamba anali bambo Rabisoni Mtengula, amene anapuma pa ntchito ya mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pamenepo. Iwo sanawerenge ndi chisoni ayi. Nkhani zaumbanda ankazikonda monga ena amakondera bawo, ndipo ankawerenga pensulo ili m'manja, kufunafuna pamene mlembi wapunthwa. Atafika pa umboni wa a Gondoloza anaima. Anakumbukira kuti sabata imeneyo mvula inakokolola mlatho, chifukwa mapepala a mayeso amene ankawadikira kuchokera ku boma anachedwa. Anapita kusukulu, anafukula m'chipinda chosungiramo katundu, mpaka anapeza buku lakale limene ankalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku, chiswe chitadya m'mbali mwake. Pa tsiku la Lachitatulo panali mawu olembedwa ndi dzanja lawo lomwe: "Mlatho waduka. Basi sinabwere."

"Basi imene sinabwere, munthu anatsikamo bwanji?" a Mtengula anawafunsa akazi awo.

"Bambo, zisiyeni zimenezo. A Gondoloza ndi anthu amphamvu."

Iwo sanazisiye. Analembera maloya a ku boma kalata, osayankhidwa. Analemba ina, kenako ina, mpaka makalata anakwana makumi awiri ndi asanu ndi awiri pa zaka ziwiri. Anzawo a kutchalitchi anayamba kunena kuti ukalamba wawasokoneza mutu. Potsiriza anamanga buku lija pakaliyala wa njinga, napalasa tsiku lonse ndi mawondo awo otupa, nakaliika patebulo la loya wina wothandiza akaidi, mayi Kamwambi.

Loyayo anawerenga nati, "Aphunzitsi, izi zikuonetsa kuti mboni inanama za basi. Koma kunama si kupha. Khoti silingatsegule ndende ndi mzere umodziwu."

"Usungeni mzerewo, mayi," anatero a Mtengula. "Ndidzabweranso."

Wachiwiri anali Edina, mwana wa malemu, amene tsopano anali telala pamsika. Iye ankadana ndi Lekiteni ndi mtima wake wonse, ndipo za kundende kwake analibe nazo ntchito. Chinamuwawa ndi tsamba limodzi. Pamenepo mlembi analemba kuti "munthu wina amene sanafune kutchulidwa dzina" anati Delifa ankapita kumunda kukakumana ndi amuna. Kuyambira pamenepo azimayi obwera kudzasoketsa zovala ankamuyang'ana cham'mbali. Edina anatseka makina ake, anakwera basi ya ku Blantyre kumene anali asanafikeko, nafunsa njira mpaka anapeza nyumba ya Jenala.

"Mwagulitsa mtembo wa mayi anga, ndakhala chete," anatero ataima pakhomo. "Koma mwawavula pagulu. Ndani anakuuzani bodza limeneli?"

"Achemwali, pantchito yathu sitiulula amene watiuza," anayankha Jenala.

"Ndiye ine ndikhala pompano."

Anayala chitenje pakhonde nakhala. Tsiku loyamba Jenala anamudutsa. Tsiku lachiwiri anamubweretsera tiyi, Edina osamukhudza. Tsiku lachitatu, anthu oyandikana nawo atayamba kusonkhana, Jenala anamulowetsa m'nyumba nati, "Dzina sindikuuzani. Koma mverani nokha." Anatsegula kachipangizo kaja.

Mawu anali a Gondoloza. Ankayankhula momasuka, akusekerera. "Mayi uja ankakonda amuna, ndikukuuzani. Tsiku limene lija anachita kuvula duku lake lofiira n'kulikoloweka pamtengo wa mango. Wopita kukathyola nkhwani amavula duku?"

Edina anagwira mkono wa Jenala. "Bwerezani pamenepo."

Za dukuzo munalibe m'buku, ndiponso kukhoti sizinanenedwe. Edina atapeza mayi ake tsiku lija, asanakuwe, analichotsa yekha pamtengopo nalibisa m'malaya kuti chikhale chomukumbutsa mayi ake. Sanauzepo munthu. Choncho woliona lili pamtengo anayenera kukhala kuti analowa m'mundamo iye asanafike, pamene a Gondoloza analumbira kuti anangoona ali kumsewu.

Jenala anakhala pansi, manja ali kunkhongo. "Ndalemba bodza, ndipo dziko lonse lawerenga."

"Dzukani," anatero Edina. "Mukalire m'basi."

Anamukoka mpaka kwa loya uja, atamva kuti a Mtengula anafikako kale. Anatulutsa duku limene analisunga zaka zonsezo, navomera kuti anabisa chinthu chimene apolisi anayenera kuchiona. Mayi Kamwambi anamvetsera mawuwo kawiri nati, "Tsopano tadziwa kuti ananama, komanso kuti analowa m'munda. Koma angathe kunena kuti anapeza mtembo n'kuchita mantha. Pakufunika munthu amene anaona dzanja lake pa imfayi."

Wachitatu anali mayi Elube, mkazi wa a Gondoloza. Iwo analekezera sukulu Sitandade 4, ndipo buku analiwerenga mwezi wathunthu, chala chikutsata mawu, ataliika m'lichero kuseri kwa chigayo amuna awo akachokapo. Za tsiku la imfa sanadabwe nazo. Chinawakhudza ndi mutu wotsiriza, wonena za banja la Lekiteni: mkazi wake anamwalira akupita wapansi kukamuona kundende, ndipo mwana wake wamkazi anasiya sukulu nakwatiwa ali wamng'ono chifukwa palibe wachibale amene ankafuna kulera mwana wa chigawenga. Panali chithunzi cha mtsikanayo atabereka khanda. Mayi Elube anamudziwa, pakuti ankabwera kudzagayitsa chimanga pachigayo pawo pomwepo, akuwerama popereka moni.

M'mawa mwake anavala zovala za kutchalitchi napita kupolisi. Wapolisi wa pakauntala atamva kuti akudandaula za amuna awo anati, "Mayi, za m'banja kakambeni ndi ankhoswe." Anabwerera. Mawa lake anapitanso, nabwezedwanso. Nkhani inawafika a Gondoloza, ndipo anamenya akazi awowo mpaka diso linatsekeka. Ndi diso lomwelo mayi Elube anakagogoda kwa a Mtengula nati, "Aphunzitsi, ndamva muli ndi loya. Ndiperekezeni."

Pamaso pa woweruza ananena zonse. A Gondoloza ankamufunsira Delifa chibwenzi, iye nkumakana, ndipo Delifayo anawaopseza kuti akawaneneza kwa akulu a mpingo. M'mawa wa Lachitatulo a Gondoloza anatenga chikwanje pamalo pamene Lekiteni ankakonzera njinga, mwiniwake atapita kukatunga madzi. Masana anabwera kunyumba malaya ali magazi okhaokha, nalamula akazi awo kuti awatenthe.

"Ndinawatentha ndi manja angawa," anatero mayi Elube. "Ndinkaopa kufa, ndinkaopanso kuti ana anga adya chiyani. Ndakhala chete nthawi yonseyi. Lero ndatopa."

A Gondoloza anamangidwa, ndipo Lekiteni anatuluka kundende patatha zaka khumi ndi zinayi, tsitsi lili mbuu, mano akutsogolo atatha. Koma mayi Elube atabwerera kwawo anapeza abale a amuna awo atawatulutsira katundu panja. Ana awo aamuna awiri anasiya kuwapatsa moni. Anakakhala m'kachipinda kuseri kwa msika, nayamba kugulitsa mandasi.

Jenala anabwera kwa Lekiteni, anagwada, napepesa. Anati alembanso bukulo kuyambira pachiyambi, ndipo patsamba loyamba adzaikapo dzina la munthu amene anamutulutsa kundende. "Dzinalo musankhe ndinu, bambo."

"Lembani onse atatu," anatero Lekiteni.

Koma atawaitana atatuwo, Edina anakana. "Dzina langa lisakhale patsamba limodzi ndi la mayi amene ankadziwa wopha mayi anga, nkumandigayira chimanga akundimwetulira. Buku loyamba linadetsa dzina la Nkhwazi. Lachiwiri liyambe ndi dzina lomwelo. Ndikanapanda kukhala pakhonde paja, mawu aja akanaolera m'kabati."

A Mtengula anakonza magalasi awo. "Mwana wanga, iwe unapita ku Blantyre chifukwa cha mayi ako, osati chifukwa cha Lekiteni. Pamene tauni yonse inkati nkhani inatha, amene anati sinathe ndine, ndekhandekha, zaka ziwiri. Nonse awiri munapeza chitseko cha loya chili chotsegula. Anachitsegula ndani?"

Mayi Elube anayankhula motsitsa, maso ali pansi. "Aphunzitsi ataya masitampu ndi mawondo. Edina wataya masiku atatu a ntchito. Ine ndataya nyumba, banja ndi ana. Ndinachedwa, sindikukana. Koma tsiku lina ana anga adzatsegula bukulo. Ndikufuna adzapezemo kuti mayi awo sanali wopereka bambo awo chabe."

Kulemba atatu kunakanika. Kulemba awiri kukanakhala kunyoza wachitatu pamaso pa dziko lonse. Panatsala kusankha mmodzi. Lekiteni anapempha sabata imodzi, ndipo sabatayo pamsika panalibe nkhani ina. Ena ankati aphunzitsi, chifukwa analimbikira popanda chowakhudza. Koma ena nkumati kwa iwo anali masewera a nzeru basi. Ena ankati Edina, chifukwa anapulumutsa munthu amene ankadana naye. Ena nkumati iyenso anabisa duku. Ena ankati mayi Elube, chifukwa popanda mawu awo ndende sikanatseguka. Ena nkumafunsa kuti mkazi wa Lekiteni akumwalira pamsewu iwo anali kuti.

Sabata itatha Jenala anabweranso, anakhala pampando, natsegula cholembera. Atatu aja anali pomwepo, aliyense mbali yake. Lekiteni anawayang'ana mmodzimmodzi, ndipo anatsegula pakamwa.

Ine ndalekera pomwepa. Inu amene mwamva zonsezi, mukanakhala Lekiteni Malunga, mukanatchula dzina la yani: a Mtengula, Edina, kapena mayi Elube?