Tsiku Limene Mtsinje Unabweza a Kaputeni

M'nyumba ya a Kaputeni munali mipando inayi, koma wothetheka nsalu unali umodzi wokha. Chimwalirire mkazi wawo, ankadya okha, kutsuka mbale imodzi ndi kapu imodzi, ndipo wailesi ankaitsegula kuti m'nyumbamo muzingomveka mawu a munthu. Dzina la Kaputenili linali lachipongwe chabe. Moyo wawo wonse anali dalaivala wa malole oyenda mitunda italiitali, ndipo atapuma pantchito anagula kaboti kakale ka injini, kokhala ndi kachipinda kogona munthu mmodzi, n'kukamangirira padoko la kuseri kwa nyumba. Anthu atawaona akukapukuta tsiku ndi tsiku ngati mwana wakhanda, anangowapatsa udindowo. Koma kuyenda nako ankangozungulira pafupi n'kubwerera. Kumtunda kwa mtsinje, kumene kunali tauni ya siteshoni ya sitima yapamtunda, anali asanapiteko pamadzi.

Tsiku lina m'mawa foni inalira. Anali mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, amene anakwatiwa kutali.

"Ababa, tikusamukira kunja. Bambo a mwanayu anatsogola kale. Ulendo wasintha mwadzidzidzi, ndiye tidzera kutauni yakwanuko, tisintha sitima masana ano. Mungabwere? Mdzukulu wanu akuti akufuna aone agogo a boti."

Mdzukuluyo, kamtsikana kongoyamba kumene kulongolola, a Kaputeni ankangomudziwira pazithunzi za pafoni. Anali asanamunyamulepo. "Ndikubwera, mwanangu," anayankha. Basi yopita kutauniko inali itadutsa kale m'mamawa, ndipo ina inali yamadzulo. Njira inatsala inali yamadzi basi.

Wogulitsa petulo padokopo anali mlamu wawo, mchimwene wa malemu mkazi wawo, munthu wosasunga mawu m'kamwa.

"Eee, lero a Kaputeni avala tayi! Mukukafunsira mbeta, alamu?"

"Ndikukaona mdzukulu wanga pasiteshoni. Thirani, musandichedwetse."

Mlamuyo anathira mpaka thanki linadzaza, kenaka anasuzumira pansi pa kabotiko n'kupukusa mutu. "Ndere yamera ngati ndevu za munthu wofedwa. Izi zimakoka boti m'mbuyo. Komanso mtsinje wadzaza, ndipo inu mukukwera. Dikirani ndikakutengereni chigubu kunyumba, mutengeko petulo wapadera."

"Nthawi yake iti?"

"Ndiye muyende mwaulemu. Injiniyi mukamaiyendetsa mongong'ung'udza imamwa ngati mwana. Mukaikalipitsa imamwa ngati mmene munkamwera inu musanakwatire mlongo wanga. Yendani bwinobwino, mukawapeza sitima isananyamuke, mwanayo mukamugwira chanza."

"Chanza basi? Ine ndikufuna ndikakhale naye, andikwere pamsana, andikoke makutu. Alamu, injini ndakalamba nazo ine. Mtunda ndi womwewo, kaya munthu athamange kaya akwawe. Ndipo amene anandigulitsa botili anati thanki limodzi limafika kutauni popanda vuto."

"Iyeyo ankayenda boti lili losalala, madzi ali phee. Madzi si tala, alamu."

A Kaputeni anamasula chingwe n'kunyamuka.

Poyamba anayendadi mwaulemu. Injini inkang'ung'udza, kaboti kakung'amba madzi mwakachetechete, mabango akudutsa pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri. Koma munthu amene wakhala nthawi yaitali wopanda woyankhula naye, mtima wake umayamba kumuyankhula wokha. Anaganiza za kamtsikanako katakhala pabenchi ya pasiteshoni, miyendo ikulendewera, kakuyang'ana pakhomo. Kanthawi kalikonse kamene ankathera pamadzi ankakaona ngati kobedwa m'manja mwawo. Anayang'ana dzuwa, anayang'ana mabango aulesiwo, ndipo dzanja linapita lokha pachitsulo chowonjezerera moto. Anachikankha mpaka kumapeto.

Injini inabangula. Mutu wa boti unadzuka m'mwamba, kumbuyo kunakhala pansi ngati galu wokana kuyenda, ndipo chifunde chachikulu chinayamba kuwatsata n'kumakamenya m'mabango. Phokoso linali la mpikisano, koma mitengo ya m'mphepete inangowonjezera liwiro pang'ono chabe. Pamsewu, lole ikafika pachidikha dalaivala amaika giya yomaliza ndipo injini imapuma. Boti lilibe chidikha. Limakhala likukwera phiri la madzi limene likudzikankhira lokha kutsogolo, ndipo ukawonjezera moto, phirilo nalonso limakula. A Kaputeni zimenezi sanazione. Iwo ankamva kubangulako, mtima n'kumawauza kuti akuuluka.

Nthawi ndi nthawi ankayang'ana geji ya petulo monga anazolowera m'lole. Muvi unali pakati, ndipo unakhala pakatipo nthawi yaitali. Sanadziwe kuti mutu wa boti ukadzuka petulo yense amathawira kumbuyo kwa thanki, kumene kunali kachipangizo koyezera, ndiye muviwo unkawanamiza mokoma.

Atakhota pagomo lina, anaona patali mlatho wa njanji ndi madenga a tauni akunyezimira. Anamwetulira, n'kukonza tayi. Pomwepo injini inatsokomola. Inatsokomolanso kachiwiri, inabwebweta, kenaka zii. Mutu wa boti unagwera pamadzi, ndipo muvi wa geji unagwa nawo mpaka pansi ngati munthu wokomoka.

Anapotokola kiyi, injini inangolira osadzuka. Anatsegula thanki n'kupisamo kamtengo, ndipo kanatuluka kouma. Atadzutsa mutu anaona kuti mlatho uja wayamba kuchepa. Mtsinje unali utatembenuza kaboti n'kuyamba kuwabweza kwawo mwaulemu wonse. Anatola nkhafi n'kupalasa mpaka malaya ananyowa, koma boti la injini ndi lolemera, silimvera nkhafi imodzi ya munthu wokalamba. Anaponya nangula. Kumanja kunali mabango, kumanzere matope, njira yapansi panalibe. Pamtsinje ponse panalibe bwato ngakhale limodzi.

Anaimbira mlamu wawo. "Petulo watha," anatero, ndipo mawuwo anawalemera kuposa nangula.

"Muli pati?"

"Mlatho ndikuuona."

Mlamuyo anati, "Ndibwereka boti ndibwere. Koma alamu, sindikunamizani, sitimayo sitiipeza."

A Kaputeni anakhala pansi, foni ili m'manja, akuopa kuimbira mwana wawo. Inalira yokha.

"Ababa, mwafika pati? Ayamba kuitana anthu."

Anafotokoza mwachidule. Mwana wawo sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anangopuma mozama n'kunena kuti, "Dikirani, nayu."

"Agogo!" kanatero kamawu kakang'ono. "Boti lanu lili kuti?"

"Latopa, mayi. Likupuma pamadzi."

"Likwapuleni!"

A Kaputeni anaseka, koma kusekako kunathera m'misozi. "Ndalikwapula kale, mayi. N'chifukwa chake lakana."

"Ababa," anabwereranso mwana wawo, "tikwera tsopano. Tikamadutsa pamlatho ndimuika pawindo. Tidzabwera, musadandaule."

"Liti, mwanangu?"

"Sindikudziwa, ababa."

Anadikira ataimirira, dzanja limodzi litagwira denga la kachipinda. Patapita nthawi kunamveka kulira kwa sitima, ndipo inatulukira pamlatho, yaying'ono ngati bongololo woyenda pa udzu. Anavula jekete n'kuyamba kuligwedeza m'mwamba ndi mphamvu zawo zonse, akuitana ngakhale ankadziwa kuti mawu sangafike. Mawindo sankaoneka n'komwe. Anagwedezabe mpaka ngolo yomaliza inalowa m'mitengo. Ngati kamtsikanako kanaona kadontho koyera pamadzi, iwo sanadziwe. Kenaka panangotsala madzi akunyambita m'mbali mwa boti.

Mlamu wawo anafika dzuwa litapendeka. Munthu wa nthabwala uja anamangirira boti lobwerekalo pambali, anathira petulo m'thanki, anapopa kampira ka paipi mpaka kanalimba, ndipo injini inadzuka ngati sinalakwepo.

"Inuyo mwawotcha wochuluka bwanji pobwera?" anafunsa a Kaputeni, maso ali pansi.

"Musafunse, alamu."

"Ndiuzeni."

"Thanki langa silinafike n'pakati pomwe."

A Kaputeni anayang'ana mlatho uja komaliza. Unali pafupi moti munthu woyenda mongong'ung'udza akanafika, n'kutsika, n'kunyamula mwana ngakhale kamodzi kokha. Iwo anakana kanthawi kochepa pofuna kambiri, ndipo anabwerera opanda n'kochepa komwe. Anazula nangula n'kutembenuza boti, mlamu wawo akuwatsata m'mbuyo.

Akuluakulu akale injini sankazidziwa, koma mtima wa munthu ankaudziwa bwino pamene ananena kuti kuthamanga sikufika.